Makiyi a Nyumba ya Boma Amabwezedwa

Mwana wa kuno ku Mzimba akamaliza Fomu 4, njira zimene amaziona bwino ndi ziwiri. Ina ndi ya basi ya ku Joni, imene azigogo athu adaitsegula kalekale poyenda wapansi kupita kumigodi. Ina ndi ya ku Salima, ku MAFCO, kumene munthu amakametedwa mpala n'kubwerako ali msilikali. Mawu angawa ndi a inu amene mwatsata njira yachiwiriyi, anyamata ndi atsikana a ku Embangweni, Edingeni, Jenda, Champhira, Khosolo, Manyamula ndi pa boma pano. Yunifolomu mwavalayo ndidaivala mpaka imvi zidamera, ndipo ndikufuna tikambirane za pogona: kukhala m'balakisi kapena kuchita lendi kunja.

Mukafunsa anzanu, wina adzakuuzani kuti m'balakisi ndi m'ndende, wina adzati kunja n'kotaya ndalama. Onse akunena zoona pang'ono. Chimene ambiri saonjezera n'chakuti nyumba zonse ziwirizo si zanu. Ya m'balakisi ndi ya boma, ya lendi ndi ya alandilodi. Tsiku lopuma pantchito, lochotsedwa, kapena limene bokosi lanu lakutidwa ndi mbendera, banja limapatsidwa nthawi yolongedza chifukwa pali msilikali wina amene wakhala pamzere kudikira nyumba yomweyo. Choncho posankha pogona, funso lotsogolera likhale ili: ndi kuti kumene ndingagone kuti nyumba yangayanga ikwere msanga?

Kwa msilikali amene wangotuluka kumene ku maphunziro, palibe malo otchipa kuposa m'kati mwa mpanda. Simukwera kabaza popita ku perete. Mukaitanidwa usiku, mumangomanga nsapato n'kuthamanga. Chipatala chili pafupi, sukulu ya ana ili pafupi, ndipo wakuba salakalaka geti lokhala ndi mlonda wa mfuti. Phindu lalikulu limaoneka mukachokapo. Kaya mwatumizidwa kukalondera nkhalango ya Chikangawa, kaya kukavuula anthu m'matope monga zidalili pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kaya kunja kwa dziko, banja lanu limatsala pakati pa anthu odziwa kuwawa kwa munthu wochoka osanena tsiku lobwera. Mwana akadwala pakati pa usiku, galimoto imapezeka. Uthenga, wabwino kapena woipa, umafika kudzera kwa akuluakulu a ntchito, osati pa Facebook.

Koma walira mvula walira matope. Choyamba, nyumba n'zochepa. Cobbe Barracks ku Zomba ndi ya m'nthawi ya atsamunda, ya masiku a King's African Rifles. Moyale ku Mzuzu ndi Kamuzu Barracks ku Lilongwe nazonso zidamangidwa asilikali ali ochepa kuposa lero. N'chifukwa chake mu 2020 boma lidakhazikitsa ntchito yomanga nyumba 10,000 za asilikali, apolisi, oyang'anira ndende ndi a Immigration. Ntchito yotere imayenda m'magawo, ndipo inu musakwatire podalira nyumba imene idakali pa pulani. Zimene zilipo zimagawidwa potsata udindo, potsata ngati munthu ali pabanja, komanso potsata mzere. Pulayiveti wokwatira chaka chino akhoza kudikira, ndipo akaipeza, ikhoza kukhala ya zipinda zimene sizingakwane banja la kwathu kuno, kumene mphwanu wofuna sekondale ya ku Mzuzu, mlamu wofuna ntchito ndi amayi obwera kuchipatala chachikulu onse amaona kuti kwa msilikali ndiye kofikira.

Chachiwiri, m'balakisi ntchito siithera pa geti la ofesi. Mlendo amalembetsedwa. Nyumba imayenderedwa. Geni ndi ziweto zili ndi malire ake. Udindo wa mwamuna amauvalanso mkazi, moti ana akamenyana pabwalo, mkazi wa pulayiveti amayamba wayeza mawu asanayankhe mkazi wa sajeni meja, ndipo mkangano wa pa mpopi umakafika pa tebulo la bwana m'mawa mwake. Mtsikana wokulira ku Mabulabo, wozolowera bwalo lalikulu ndi dimba lake, amavutika miyezi yoyamba. Muuzeni zonsezi musanamutenge, ndipo mumuphunzitse kupereka moni kwa aliyense koma kusunga za m'nyumba mwake.

Chachitatu ndicho chidagwetsa anzanga ambiri, ndipo sichipweteka pochitika. Munthu wosalipira lendi amaiwala kuti pogona pali ndi mtengo. Malipiro amaoneka ngati ambiri. Amagula mipando ya sofa yodzaza chipinda, kanema wamkulu, wailesi yogwedeza makoma, zotsala n'kukathera ku kantini. Zaka makumi awiri zimadutsa ali m'nyumba yopakidwa penti ndi boma. Kalata yopuma ikafika, lole imanyamula katundu wapamwamba kukamutsitsa pakhomo pa nyumba ya udzu ya malemu bambo ake, ndipo ndalama zopumira pantchito, zimene zikadakhala mpamba wa ukalamba, zonse zimalowa m'njerwa ndi malata pa mitengo ya chaka chimenecho.

Mankhwala ake ndi osavuta kunena. Ngati muli m'balakisi, dzilipiritseni lendi nokha. Funsani kuti nyumba ya zipinda ziwiri ikuchitidwa bwanji ku Zolozolo kapena ku Chibavi ngati muli ku Moyale, ku Area 23 ngati muli ku Kamuzu Barracks, ku Chinamwali kapena Matawale ngati muli ku Cobbe. Ndalama imeneyo idzichoka tsiku lomwelo la malipiro, isanakhudze m'manja mwanu, kupita ku SACCO kapena ku akaunti imene khadi yake simuyenda nayo. Mnzanu wa kunja akulipira ndalama imeneyo ndipo sakufa. Inunso simufa.

Nanga kunja? Ufulu ulipo, ndipo si wonyozeka. Mukavula yunifolomu madzulo, mumakhala bambo kapena mayi wa pakhomo, osati nambala. Akazi anu akhoza kutsegula okala, kuweta nkhuku, kuoda tomato ndi anyezi pa Jenda n'kumagulitsa, popanda kupempha chilolezo kwa wina. Ana amakula ndi ana a aphunzitsi, akalipentala ndi amalonda, n'kudziwa kuti dziko ndi lalikulu kuposa mpanda. Inu nomwe mumaphunzira mtengo wa moyo mudakali ndi mphamvu, moti tsiku lopuma silikudzidzimutsani.

Musanasamuke, khalani pansi ndi pepala ndi cholembera. Lembani lendi, ndipo mukumbukire kuti alandilodi ambiri amafuna ya miyezi itatu poyamba. Lembani mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi, makala, kabaza kapena minibasi yopita ndi kubwera tsiku lililonse, ndi ya usiku umene mwaitanidwa mwadzidzidzi minibasi zitaleka kuyenda. Kuchedwa pa perete sikumva zoti mvula idagwa kapena njinga idaphulika tayala. Lembaninso kusamutsidwa, pakuti lero muli ku Mzuzu, mawa mukhoza kuuzidwa kuti mupite ku Chilumba, ku Mvera kapena ku Monkey Bay, lendi mutalipira kale, ana ali pakati pa teremu. Muyezo wanga ndi uwu: zonse za pogona zikapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama imene mumatengadi kubanki, nyumbayo si ya msinkhu wanu. Funani yaing'ono kapena khalani pamzere wa m'balakisi.

Palinso mtengo wina wosalembeka. Msilikali wokhala pakati pa anthu wamba amaonedwa ndi maso onse. Ena amafuna mukhale wapolisi wa m'dera, mukaopseze wangongole wawo. Ena amafuna kukuyesani mphamvu akaledzera. Zonsezi zikaneni mwaulemu. Mkangano wa msilikali sukhala waung'ono. Akuluakulu akukumbukira kuti Operation Bwezani ya mu Disembala 1993, imene idathetsa mphamvu za apayoniya, idabuka pambuyo pa mkangano wa pamalo omwera mowa ku Mzuzu umene udaphetsa asilikali a ku Moyale. Inu lero mukatambasula dzanja pa munthu wamba, mlandu ndi wanu nokha, ndipo ukhoza kukuchotserani ntchito ndi penshoni yomwe. Pezani chilolezo cha akuluakulu musanakhale kunja, adziwe pamene mumagona, ndipo musasunge m'nyumba ya lendi katundu wa boma amene malo ake ndi m'balakisi.

Tsopano za alawansi. Pa mafoni panu mumaona asilikali a ku America akukamba za Basic Allowance for Housing, ndalama ya nyumba imene imawerengedwa potsata udindo, dera limene munthu akugwira ntchito, ndiponso ngati ali ndi banja, ndipo imaunikidwanso chaka ndi chaka potsata mitengo ya lendi. Abale athu ena amene adalowa usilikali wa ku Britain amadulidwa pa malipiro akakhala m'nyumba ya ntchito, ndipo kuyambira mu 2014 kumeneko kuli ndondomeko ya Forces Help to Buy, yobwereketsa msilikali ndalama yofika theka la malipiro ake a pachaka, osapitirira mapaundi 25,000, popanda chiwongola dzanja, kuti agule nyumba yakeyake. Onani kuti ngakhale maiko olemerawo akukankhira msilikali kuti apeze pake asanavule yunifolomu.

Zimenezo ndi za eni ake. Zanu zili pa pepala lanu la malipiro. Litengeni, pitani ku ofesi ya malipiro, mufunse mwaulemu zinthu zitatu: chimene mumadulidwa kapena kutaya mukakhala m'nyumba ya boma, chimene chimasintha mukatuluka, ndi chimene chimasintha mukakwatira kapena kukwezedwa. Pemphani kuona pamene zidalembedwa. Mphekesera za ku kantini zoti mwezi wa mawa kukubwera alawansi yatsopano musachitire lendi nyumba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Dziwaninso kuti ndalama yolembedwa pa pepala imaima pamodzi pamene mitengo ikuthamanga. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti idakwera sabata yomweyo, lendi idatsatira, malipiro adabwera pambuyo. Phunziro lake n'lakuti ndalama ya nyumba isagone nthawi yaitali ili ndalama. Ikakwana poloti, gulani poloti. Ikakwana malata, gulani malata.

Pali njira yachitatu imene ife a ku Mzimba timaithamangira chifukwa tidaizolowera kwa abale a ku Joni: mwamuna kukhala yekha kuntchito, mkazi n'kutsala kumudzi. Malowolo adaperekedwa, mkazi ndi wa pamudzi, asamale apongozi, alime chimanga. Pa pepala imaoneka yotchipa. Kunena zoona mukuphika miphika iwiri, ndipo ulendo wochokera ku Zomba kukafika ku Embangweni umadya ndalama yokwana lendi. Ana amamudziwa bambo pa foni. Mwamuna wokhala yekha zaka zambiri amapeza womuphikira, kenaka pamabadwa mwana wina, malipiro omwewo n'kugawika patatu, osanena za matenda. Ngati mwagwirizana kutero, ikani malire ndi cholinga. Nenani kuti ndi zaka ziwiri, ndipo m'zaka ziwirizo mayi akuyang'anira ntchito yomanga. Ndalama izipita pa foni yawo, pa Airtel Money kapena Mpamba, osadzera kwa achimwene kapena amalume. Mabanja ambiri kuno adadana chifukwa cha ndalama ya malata imene idasanduka feteleza, maliro ndi mowa, wotumizayo n'kumalandira zithunzi za nyumba ya eni ake.

Kodi mumange kuti? Apa ndiyankhula mosamala chifukwa ndikukhudza mwambo umene ndimaulemekeza. Malo a kumudzi ndi aulere, ndipo mwana wamwamuna ayenera kukhala ndi pofikira pa maliro, pa ukwati, ndi pobwera ku Umthetho ku Hora mu Ogasiti. Koma nyumba ya pa malo a makolo simungaichititse lendi, simungaigulitse pa tsiku la mavuto, ndipo banki siiwerengera. Komanso kwathu kuno malo amatsata mzere wa bambo. Inu mukatsogola, kukhala kwa akazi anu m'nyumbamo kumadalira mtima wa alamu awo. Alipo alamu abwino, ambiri ndithu, koma tsogolo la ana anu lisatsamire pa mtima wa munthu.

Choncho yambani ndi poloti pamalo pamene pali anthu olipira lendi. Pa boma pano pali aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito ku khonsolo. Pa Jenda pali msewu wa M1, msika wosagona, ndi njira yopita ku Embangweni ndi ku Lundazi. Ku Embangweni kuli chipatala cha mishoni ndi sukulu. Nyumba yapamalo otere imayamba kukubwezerani mudakali pantchito, ndipo lendi yake ndi imene ingamange ya kumudzi. Pogula, musakhutire ndi kugwirana chanza. Pakhale kalata yosainidwa ndi wogulitsa, abale ake, amfumu ndi mboni. Pitani ku ofesi ya zamalo ku M'mbelwa District Council mukatsimikize kuti polotiyo siili mumsewu, m'mbali mwa mtsinje kapena pa malo a sukulu, ndiponso kuti sadagulitse kale kwa wina. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 lidatsegula njira yolembetsera malo otere m'dzina la munthu kapena la banja. Funsani mmene mungachitire, ndipo pa pepalapo pakhale maina awiri, lanu ndi la mnzanu wa pabanja. Inu atsikana ovala yunifolomu, mawu awa akukhudzani kawiri. Musathire malipiro anu onse m'nyumba ya pamudzi wa amuna anu popanda pepala lotchula dzina lanu.

Pomanga, musapikisane ndi a ku Joni. Mwaziona nyumba zawo m'mbali mwa msewu, zina zokongola zedi, zina zidaima pa mawindo mpaka mitengo idamera m'zipinda. Iwo amalandira ma rand, inu makwacha. Jambulitsani pulani ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, yosiya mpata woonjezera. Mangani m'magawo amene lililonse likhoza kupirira dzinja: maziko, makoma, kenaka denga msangamsanga, pakuti khoma losafolera mvula ya kuno siilisiya. Mmisiri mumulipire potsata ntchito imene yatha, osati imene walonjeza. Nyumba yaing'ono yokhala ndi chitseko imalowetsa ndalama. Yaikulu yopanda denga imangodya.

Ngongole ilowe m'nyumba pokhapokha ngati ndi ya SACCO kapena banki, mutawerenga chiwongola dzanja, ndipo yotsala pa malipiro ikukwanira kudyetsa ana. Wa katapila amene amasunga khadi yanu ya kubanki ndiye amalandira malipiro anu, inu mumangomugwirira ntchito.

Ena mwa inu mudzapita kukasungitsa mtendere. Kuyambira mu 2013 asilikali athu akhala akutumikira kum'mawa kwa DRC pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Ndalama ya ku mishoni ndi yaikulu kuposa iliyonse imene msilikali wamng'ono angaigwire nthawi imodzi, ndipo imakhala ndi abale ambiri. Ndaona ikusanduka Sienta yonyamula matola pakati pa Mzimba ndi Mzuzu, dalaivala n'kulemera, mwini wake n'kutsala ndi chigoba chaka chisanathe. Gawani ndalamayo pa pepala musanakwere ndege, muli awiri ndi mnzanu wa pabanja, ndipo gawo la nyumba likhale loyamba.

Musanakwere ndegeyo konzaninso zinthu zimene achinyamata safuna kuzimva. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi adaphedwa kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene bungwe la United Nations lidamulemekeza ndi mendulo mu Meyi 2019 chifukwa chopulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Mu Januwale 2025 tidatayanso ena kumeneko. Ntchito yathu ndi yotero. Lembetsani ukwati wanu, ndipo dzina la mkazi kapena mwamuna wanu ndi la mwana aliyense likhale m'mabuku a kuntchito. Ambiri adalemba dzina la amayi awo kapena la achimwene tsiku lolowa usilikali ndipo sadasinthe atakwatira, mapeto ake mkazi wamasiye amayenda m'maofesi ndi mwana kumsana. Lembani wilu pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu, koma mayi wolira, wokhala pakati pa abale a mwamuna wake, sathamangira kukhoti. Pepala limene mudasiya ndilo limamuyankhulira.

Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nyumba zosungirako asilikali okalamba, zimene zidasunga ena mwa amene adamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'badwo umene udaima pa Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940 n'kukafika ku Burma. Ndi nyumba za chifundo, ndipo n'zochepa. Iwo adalowa usilikali wopanda malipiro oti n'kumangira. Inu muli ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, muli ndi SACCO, muli ndi foni yotumizira ndalama kwa mmisiri muli ku Chilumba.

Ndiye ngati simunakwatire, khalani m'balakisi, mugule poloti. Ngati mwakwatira ndipo nyumba yapezeka m'kati, ilandireni, mupirire za pa mpopi, muzidzilipiritsa lendi. Ngati siinapezeke, kapena geni ya mnzanu wa pabanja ikubweretsa zoposa lendi, khalani kunja, pafupi ndi geti, m'nyumba yodzichepetsa. Mlimi sadziwa chaka chimene mvula idzamukane, wa ku Joni sadziwa tsiku limene adzamugwire n'kumubweza. Msilikali yekha ndiye angawerenge chaka chimene boma lidzaleka kumugoneka. Kafunseni ku ofesi chaka chanucho, muchilembe m'kati mwa chitseko cha lokala, muchotserepo zaka zisanu, ndipo chimene chatsalacho chikhale chaka chokhoma lata lomaliza.